Fyuzi Yozulidwa

Mlamu wanga, mwamuna wa mchemwali wanga, atagwetsera galimoto yanga m'ngalande potsika phiri la ku Chowe, sindinafune kumva zambiri. Mwana wanga wamkazi anali momwemo, anatuluka ndi bala pachipumi. Mlamuyo ankati ataponda mabuleki pamatope, matayala anangouma gwa, galimoto n'kutsetsereka. Ine ndinati analedzera. Ndinanena pamaso pa ana ake, munthu wa kumzikiti amene mowa sanaulawepo, ndipo mchemwali wanga anasiya kuyankha moni wanga.

Mlamuyo anaumirira kuti galimotoyo tikaiyezetse pa makina ku Mangochi. Titafika pagalaja, analonjerana ndi makaniko m'Chiyao nthawi yaitali, mpaka kufunsana za mbuzi. Mumtima ndinati eya, apangana kale awa, akufuna kundiika m'thumba.

Makaniko analumikiza chingwe pansi pa chiwongolero, atagwira kabokosi kooneka ngati foni yaikulu. Ndinaima kumbuyo kwake kuti ndione zimene akudina, ngakhale zolembedwazo sindinkatolapo kanthu.

"Achimwene, ABS sikuyankha," anatero. "Ndi imene imaletsa matayala kuuma mukaponda mwadzidzidzi. Magetsi sakufikako."

"Makina amanena zimene mwawauza," ndinayankha. "Yesani pagalimoto ina ndione."

Sanakwiye. Analumikiza pa pikapu imene inali pambali, matayala onse anayi n'kuonekera pakabokosi paja. Atabwerera pa yanga, zii. Ndinakayikirabe, ndinati mwina chingwecho amachigwedeza dala. Kenako anatsegula boneti ndi kabokosi ka mafyuzi, n'kundilozera mpata wonga wa dzino loguluka.

"Apa wina anazula fyuzi. Siigwa yokha iyi. Kanyale kachikasu kutsogolo kwa chiwongolero sikankayaka?"

Kankayaka. Miyezi ingapo m'mbuyomo, ndili pamsewu wamchenga wa ku Lungwena, chopondera mabuleki chinkanjenjemera kuphazi kwanga ngati chigayo. Ndinaima kwa mkulu wina wokonza njinga zamoto, iye n'kunena kuti ndi matenda a magalimoto a masiku ano. Anazula kanthu, kunjenjemera kunatha, ine n'kumutama kuti ndi katswiri. Kanyale kaja kanayamba kuyaka tsiku lomwelo, koma ndinangokazolowera.

"Nanga chopondera chikamanjenjemera pamchenga?" ndinafunsa motsitsa mawu, ngati ndikufunsira munthu wina.

"Ndiye kuti ikugwira ntchito bwinobwino," anatero makaniko. Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso mlamu wanga. "Anazula ndani?"

Mlamu wanga anali atamva funso langa lija, ndipo ndinaona pankhope pake kuti wazindikira. Ndinadikira kuti andivule pamaso pa anthu monga ndinamuvulira ine, ndipo akanatero sindikanadandaula.

"Ndine ndinazula," anatero mlamu wanga, maso ali pansi. "Ikanipo ina, alamu angawa ulendo wawo ndi wautali."