Mkodzo wapakati

Lolemba la sabata yatha ndinapalasa njinga kupita kuchipatala chifukwa msana unali kundipweteka chakumunsi, mbali ya kumanja. Ine ululu ukagwila pamalo amenewo mtima umathamanga. Akulu anga, a Yotamu, amene anali kulima ku Msanzala, anayamba chimodzimodzi. Zinali impso. Tinawaika m'manda miyendo itatupa moti nsapato sizinali kulowa.

Pawindo panali namwino wamsinkhu wa mwana wanga wamkazi. Anandipatsa kabotolo.

"Bambo, mkodzo. Wapakati."

Basi, mawu anali omwewo. Kumbuyo kwanga mzele unafika pakhonde.

Pakati pa chiyani? Ine ndinamva kuti kabotolo kafike pakati. Ndinafuna kufunsa, koma munthu wa imvi ungafunse bwanji mtsikana za kakodzedwe, azimai pamzele atatchela khutu? Ndinangoti, "Chabwino amai."

Kuchimbudzi ndinachita za nzelu zanga. Kabotolo ndinakatsuka pampopi, mkati n'kupukuta ndi chala, chala chomwe ndinabwezela tcheni cha njinga panjila. Ndinakodzelamo kuyambila dontho loyamba mpaka kufika theka, n'kukapeleka mtima uli m'malo.

Lachitatu adokotala anayang'ana pepala nthawi yaitali.

"Mumkodzo mwamela tizilombo tamitundumitundu. Sindinganene kanthu. Mubwele mailo, Lachinayi, tiyezenso."

Sindikumbuka mmene ndinafikila kunyumba. Ndinakhala pakhonde n'kumadina akakolo ndi chala, kuona ngati patsale dzenje monga zinali kuchitikila a Yotamu. Mkazi wanga, amake Tisa, anamvetsela zonse ali chiimile.

"Tizilombo mumkodzo? Mwakatitenga kuti, atate ake Tisa?"

Zaka zonse zimene takhala m'banja sanandifunsepo funso lotele. Tsiku limenelo tinadya osayang'anana.

Lachinayi ndinapeza a Mumba, bambo wachikulile woyeza magazi ndi mikodzo. Ananditengela pambali n'kutseka chitseko.

"Akulu, ndiuzeni mmene munachitila tsiku lija. Musabise."

Ndinafotokoza. Sanaseke.

"Tizilombo tija mwina si tam'thupi mwanu, n'tapakhungu ndi pachala. Kabotolo aka n'koyela kale, osakatsuka, osakhudza mkati. Sambani m'manja ndi sopo. Ngati simunadulidwe, bwezani khungu kumbuyo, mutsuke kumutuko ndi madzi oyela. Mkodzo woyamba upite m'chimbudzi, ndiwo umakokolola zonyansa za panjila. Osaimitsa, tchelani kabotolo, mutenge wotsatila. Wotsiliza nawo utayike. Tsekani, mubweletse pompo."

Sizinatenge ngakhale mphindi ziwili.

Loweluka pepala linatuluka loyela. Adokotala atandipimanso anati ndi mnofu, ndinaupweteka ponyamula matumba a chimanga. Amake Tisa anawelenga pepalalo kawili, kenaka anakanditenthetsela madzi othowela msana.

Mungaganize kuti mantha anathela pamenepo. Ayi, angosintha malo.

Ine ndimakhala pafupi ndi chipatala, ndinatha kubwelela katatu. Nanga bambo wochokela ku Luembe kapena ku Nyalugwe, amene wanyamuka mbandakucha, munda wausiya usanapalilidwe? Akamuuza kuti abwele mailo, sabwela. Mwina apatsidwa mankhwala a matenda amene alibe. Mwina matenda enieni abisala pakati pa zonyansa za pachala, iye n'kupita kwawo impso zikuwonongeka mwakachetechete. Mwinanso kunyumba ayamba kumuyang'ana ngati wachiwelewele. A Mumba anandiuza kuti ena amabwela ndi mkodzo wa dzulo lake m'botolo la saladi, mafuta ophikila aja, atausunga pansi pa bedi, poganiza kuti akuthandiza.

Namwino uja sindimuimba mlandu waukulu. Anali yekha, anthu ali mbwee, ndipo nayenso manyazi anali nawo. Koma azibambo tingaitanidwe pambali asanuasanu, munthu mmodzi n'kutiuza m'Chinsenga kapena m'Chinyanja chomveka. Pachitseko cha chimbudzi pangamatidwe chithunzi. Kubweleza kuyeza kumadya nthawi yambili kuposa kufotokoza.

Koma nafenso azibambo tili ndi vuto. Timadziwa kufunsa mmene feteleza amathililidwa, mpaka wogulitsa kutopa nafe. Za thupi lathu timangogwedeza mutu.

A Yotamu anapita kuchipatala kangapo asanatupe, ndipo anali munthu wamanyazi kuposa ine. Sindidzadziwa zimene anauzidwa pawindo, kapena zimene anamva. Inu bambo amene mukuwelenga, akakupatsani kabotolo mailo ndipo simunamvetse, mudzatsegula pakamwa?