Mwendo Wobwereka pa Njinga ya Madala

Chaka chimene chuma cha ku Ireland chinagwa chagada, ine ndinali m'gulu la oyamba kuuzidwa kuti tikapume kunyumba. Ndinali makaniko pa kampani ina yomanga, wokonza magalimoto okumba ndi onyamula simenti. Nyumba zinasiyidwa zopanda madenga, magalimoto anagulitsidwa, ine n'kutsala ndi masipanala anga ndi manja oyabwa. Mayi akunyumba ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndiye m'mawa iwo ulendo, ana ulendo kusukulu, ine n'kumangozungulira m'nyumba muja ku Lucan ngati nkhuku yosowa poikira.

Amene anandilanditsa ku misala anali madala ena a kutchalitchi kwathu, mzungu wa zaka zopitirira sevente, amene akazi awo anamwalira kalekale. Mchimwene wawo anakhalako wansembe ku Malawi, choncho atamva kuti ndine Mmalawi komanso makaniko, anandikokera kushedi kwawo Misa itangotha. M'menemo munali njinga yamoto yakale kuposa ine, yopangidwa ku Mangalande, yopanda nyale, kampando kake kongokwana chikhatho.

Njinga zimenezi si zothamangitsana. Masewera ake amawatchula kuti trials. Umakwera uli chiimire, pang'onopang'ono, kudutsa pamiyala, m'matope ndi m'timitsinje ta m'mapiri a ku Wicklow, osaponda pansi. Ukaponda pansi kamodzi, akulembera wani. Ukagwa, kapena injini ikazima, akulembera faifi. Wopambana ndi amene walemberedwa zochepa. Tsiku loyamba ndinaseka mpaka misozi, kuona anthu a imvi zawo akulimbana ndi miyala Lamulungu lonse kumvula. Mwezi usanathe ndinali nditalowerera kuposa eni ake.

M'shedi muja tinkakhala tsiku lathunthu. Kutsuka kabureta, kupala pulagi, kukunga tcheni, kusaka pamene oyilo akudonthera, pakuti njinga ija inkadontha kwina tikatseka kwina. Madala ankaidziwa ndi khutu. Ikangolira, ankapendeketsa mutu n'kunena chimene chavuta ine ndisanagwire sipanala. Chinthu chimodzi chokha chinali chitawakanika: kuiliza. Njinga zakalezi zilibe batani, umaponda kachitsulo kam'mbali kotchedwa kiki ndi thupi lonse, ndipo ukaponda mwamantha imabweza, n'kukumenya mpaka m'chiuno. Mwendo wawo wakumanja unali utatopa. Ndiye ntchito imeneyo inakhala yanga. Kumpikisano ndinkathamanga pambuyo pawo ndi magambutsi, injini ikazima ine ndafika kale, kuiponda, kuwapatsira, iwo n'kumapitirira.

Nthawi yozizira kilabu yathu ya okwera njingazi inkakumana m'chipinda chakuseri kwa bala ina kukambirana malamulo. Anthu amenewa amakangana, musamawaone kufatsa. Wina akuti mnzake wabisa zitsulo zamakono m'kati mwa injini yakale. Wina akuti munthu akaima chilili osaponda pansi alembedwe faifi, wina akuti ayi, limenelo ndiye luso. Ine ndinkangomwa tiyi wanga n'kumaseka chamumtima.

Kenako mlembi wa kilabu anaimirira. Anali bambo wamtali, wouma, wosaseka wamba, mnzawo wa madala kuyambira ali anyamata. Anati akufuna lamulo latsopano: wokwera aliyense azidzilizira yekha njinga, ndipo wolephera kutero asaloledwe kupikisana. Sanayang'ane aliyense. Koma m'chipinda monse muja munthu wolizidwira njinga anali mmodzi yekha, atakhala pambali panga, akuyang'ana m'kapu.

Mtima wanga ndi wapachala, ndipo sindinayambe lero. Ndinanyamuka mpando n'kugwa kumbuyo. Ndinati ngati akufuna kuthamangitsa munthu amutchule dzina, asabisale kumbuyo kwa malamulo. Ndinati masewerawa ndi a kukwera, si a kuponda kiki, ndipo madala pamiyala amawaposa ambiri a iwo. Mpaka pamenepo ndinkanena zoona. Koma nditaona kuti ena akugwedezabe mitu kuvomereza mlembi, ndinaponya mawu amene ndinkadziwa kuti palibe angawayankhe.

"Kapena vuto si kikiyo?" ndinatero. "Kapena vuto ndi mtundu wa mwendo umene ukuipondawo?"

Ndinali munthu wakuda ndekha m'chipinda muja, ndipo mlembi uja anali asanandilakwirepo ngakhale kamodzi. Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Atati tikweze manja, lamulo lake linagwa, ndipo ngakhale amene ankamuvomereza aja manja awo anali pansi pa tebulo. Iye anangoti, "Chabwino," n'kukhala pansi. Pobwerera m'galimoto madala ankaimba mluzu njira yonse.

Ndinafika kunyumba ndikudzimva kuti ndine mwamuna. Ndinawafotokozera mayi akunyumba zonse, mothira ndi mchere womwe. Iwo anamvetsera akusita yunifolomu yawo, kenako anati, "Abambo, ndifunse nawo. Mwendo umene walephera kuliza njinga, udzaigwira bwanji njingayo ikapendekeka pamwala?"

Ndinawayankha mokhadzula. Ndinati vuto lawo ndi loti munthu aliyense wa imvi amamuona ngati wodwala wa kuntchito kwawo. Anangopitiriza kusita.

Chaka chimenecho madala anakwera ngati mnyamata. Sanapambane paliponse, koma ankatsika panjinga matope mpaka m'ndevu, mano onse ali pamtunda. Nanenso ndinkadzuka m'mawa ndikudziwa kopita. Ndiyenera kunena poyera: ntchito ndinali nditafunsira paliponse osayankhidwa, ndipo kuponda kiki ija ndi kokhako kumene munthu wina ankandifunira m'dziko lonse lino. Ndinkati ndikumenyera madala nkhondo, koma theka la nkhondoyo linali langa.

Masamba atayamba kuyoyoka, tinapita kukamtsinje kena ka miyala yoterera. Injini inazima m'munsi mwa chikweza. Madala anali akupuma mwawefuwefu, ndipo ndinaona ndi maso angawa kuti mwendo uja ukunjenjemera. Ndinawafunsa ngati tipume kaye. Anati, "Iponde." Ndinaiponda.

Anakwera bwino mpaka pakati. Tayala lakutsogolo linaterereka, njinga inapendekera kumanja, iwo anatsitsa mwendo kuti adzichirikize. Mwendo uja unangopindika. Anagwera pamwala, njinga n'kuwagwera pamwamba. Woyamba kufika sanali ine. Anali mlembi uja, madzi mpaka m'maondo, atawanyamula mutu m'manja, akuwaitana ndi dzina la paubwana limene ndinali ndisanalimvepo.

Fupa la m'chiuno linali litathyoka. Kuchipatala tinakhala awiri pabenchi, ine ndi mlembi, zovala zathu zikudontha. Kenako iye, osandiyang'ana, anandiuza kuti mwana wamkazi wa madala, amene anapita ku Australia ntchito zitatha kuno, ndi amene anamuimbira foni akulira. Dokotala anali ataletsa kale zokwera njinga, koma madala sankamva za munthu.

"Takhala limodzi moyo wonse," anatero. "Sindikanatha kumuuza pamaso kuti wakalamba. Ndinkafuna kuti lamulo limuuze, azitukwana lamulolo."

Ndinamufunsa chifukwa chimene sananditengere pambali n'kundiuza.

"Ndinkaganiza kuti ukuona," anayankha. "Palibe amene anali pafupi ndi mwendowo kuposa iwe."

Sanandikumbutse mawu anga a m'bala aja. Ndinayesa kupepesa, iye anangondigwira paphewa n'kupita kukafuna tiyi. Manyazi amene anandigwira pabenchi paja sanandisiyebe mpaka lero.

Madala sanabwererenso kunyumba kwawo, chifukwa nyumbayo inali ya masitepe. Anawapezera malo kunyumba ya okalamba ku Skerries, ndipo ndinkakwera sitima kukawaona. Mayi akunyumba sananenepo kuti ndinakuuzani, ankangondipakirira zoti ndikawapatse. Chimene chinkandilasa kwambiri n'choti madala sanandisungire chakukhosi. Ankandigwira dzanja n'kumati chaka chija chinali chokoma kuposa zonse chimwalirire akazi awo, ndipo amene anawapatsa ndine. Ankanena zimenezi ali pampando wa matayala, akudikira munthu woti awanyamule kupita kuchimbudzi. Akanandikalipira bwenzi nditapepukidwako. Mpaka pano sindidziwa ngati ndinawapatsa chaka chimodzi kapena ndinawalanda zaka zonse zotsala, koma mtima wanga umandiimba mlandu wa chachiwiricho.

Kuzizira kutabweranso, kilabu inakumana m'chipinda chomwe chija. Ndinapita dala, nditakonzeka. Ndinali nditapangana ndi mtima wanga kuti mlembi akangotchula za kiki, ndikhala woyamba kukweza dzanja, aliyense aone. Anakangana za zitsulo zamakono, anakangana za kuima chilili, anakangana za matayala. Ndinadikira mpaka anthu anayamba kuvala majekete. Mlembi sanalitchule lamulo lija, ndipo palibe wina analikumbuka, chifukwa munthu amene linapangidwira panalibenso.