Kompyuta ya Anabanda yayera mbee

Loweruka lapitali kunagwa chipale chofewa chosakanikirana ndi mvula, chija chimanyowetsa sokosi ngakhale nsapato ili yabwino. Mabasi a kuno ku Scarborough ankadutsa akuwaza anthu madzi amatope, ndipo m'chipinda chapansi cha tchalitchi chathu mapaipi otenthetsa ankagogoda ngati munthu wofuna kulowa. Kiyi wa chipindacho ndimasunga ndine, n'chifukwa chake ndinalipo.

Kamodzi pamwezi mumakumana abambo asanu ndi awiri, onse a imvi, okonda makompyuta akale aja olumikiza ku wailesi yakanema. Tsikuli anabwera nkhope zili zakugwa. Anali atamva kuti dzina la kampani imene inkapanga makina awo okondedwa lagulitsidwa kwa anthu ena.

"Atigulitsa, abale," anatero a Mwale, amene amayeza magazi pachipatala china mumzinda muno. "Mawa dzina limeneli mudzaliona pa ketulo."

"Imwe a Mwale, mwina eni atsopanowa aiukitsa," anayankha a Tembo, a ku Chipata, okhala ku Hamilton.

"Kuukitsa? Inu mumakhulupirira chilichonse. Si inu munagula galimoto yopanda hita m'chisanu chija cha Januwale?"

Kampaniyo inasiya kupanga makina ana a abambowa asanabadwe, koma maliro ake akulira lero. Ndani angaletse munthu kulira chimene amakonda?

Nanenso ndili nayo kompyuta yamtunduwu. Inali ya malemu mkazi wanga, Anabanda. Anaigula yogwiritsidwa kale ntchito titangofika kuno, n'kumatayipirapo nyimbo za kwaya. Pulasitiki yake inachita chikasu ndi zaka. Pamwamba pa mabatani anamatapo kapulasitala n'kulemba ndi bolopeni kuti: "Abambo, musazimitse ndisanasunge." Anatero chifukwa tsiku lina ndinawatayitsa nyimbo zinayi poopa kuwononga magetsi. Makalata awo anatayika posamuka nyumba. Dzanja lawo linatsala pa kapulasitalako basi, ndipo ndinkakawerenga m'mawa uliwonse ndikatha kupemphera.

Sabata imeneyo a Tembo anali atabwereka kompyutayo kuti akaikonze mkati, idzayake pamaso pa onse tsiku la msonkhano. Ndinavomera. Za kapulasitala sindinanene kanthu. Kodi munthu akabwereka Baibulo lako, umachita kumuuza kuti asafute zimene unalemba m'mphepete?

Mkangano utazizira, a Tembo anavundukula nsalu patebulo. Kompyuta ya Anabanda inali yoyera mbee.

"Masiku atatu m'mankhwala pansi pa nyale, mkulu," anatero akumwetulira. "A Mwale anandithandiza kuklina. Ngati yatuluka m'sitolo lero! Agulitse dzinalo, ife chenicheni tili nacho."

Onse anawomba m'manja.

"Nanga kapulasitala kaja?" ndinafunsa.

"Kakuda kaja? Kanavuta, koma tinakapala."

"Analemba ndi mayi a kunyumba kwanga," ndinatero.

A Mwale anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera kale.

Owerenga anga, anthuwa si oipa. Umu ndi mmene amasonyezera chikondi. Akapeza makina akale amawasambitsa, amachotsa chomata chilichonse, mpaka aoneke ngati sanakhudzidwepo ndi munthu. Koma taonani. Analira ola lathunthu kuti alendo agula dzina, ati sadziwa mbiri yake, sadzalilemekeza. Iwo omwe, ndi burashi m'manja, anali atafuta kale mbiri ya kompyuta imodzi yokha imene inali ndi mwini wodziwika.

Tonse kuno timatero. Timasunga chitenje cha amayi m'sutikesi osachivala, timakalipa tikamva kuti sukulu yathu yakale kumudzi aisintha dzina, koma mkulu wokhala pa nsanjika yachitatu, amene amakumbukira aphunzitsi onse a sukuluyo, sitinamuyenderepo chaka chino. Timakonda zakale zikakhala zoyera ndi zosayankhula. Kodi chimene tikulira n'chinthucho, kapena unyamata wathu?

Lamlungu titaweruka mapemphero, a Tembo anandiyimbira foni.

"Mkulu, nafufuza m'bini monse. Zinyalala anatenga Lachinayi." Kenako anawonjezera kuti, "A Mwale akuti alembe kena, amatha kutsanzira dzanja la munthu."

Ndinaseka, koyamba chichitikireni zimenezi. Ndinawauza kuti a Mwale asavutike, dzanja lawo ngakhale madokotala amalephera kuwerenga. Mawu a pa kapulasitalako ndimawadziwa pamtima, ndipo kompyutayo tsopano ikuyaka, nyimbo za Anabanda zikuonekanso pagalasi patapita zaka zambiri. Zimenezo ndi ntchito ya manja omwewo.

Chisoni cha kapulasitala kaja sichinathe, ndisanamizire. Koma a Tembo ndi a Mwale ndinawakhululukira.