Magalasi Akuda a Malume

Dzulo adzukulu anga ankaonera sewero loseketsa pa TV, ndipo munalowa woimba wotchuka atavala magalasi akuda. Iwo anafa nako kuseka. Ine ndinakumbukira malume anga.

Ndinali kamtsikana pamene katswiri wa masewero a pa wailesi anabwera kuholo ya mishoni kwathu ku Ntchisi. Anafuna munthu woti asewere naye ngati nkhalamba yogontha. Onse analoza malume anga, amene ankatha kuyerekeza aliyense, ngakhale mbuzi.

Malume anadzola ufa kumutu, n'kubwereka jekete, chipewa ndi magalasi akuda. M'holomo munkanunkha fodya ndi thukuta, ntchentche zili ponseponse. Iwo anatola mchira wa ng'ombe n'kumaziingitsa, uku akuyenda monyang'wa.

Tinaseka pang'ono, kenako kunangoti zii. Aliyense anaona kuti malume afanana ndi mtsogoleri wa dziko. Pakhomo anyamata a chipani, a malaya ofiira, anaimirira. Amayi anandifinya dzanja mpaka linapweteka.

"Achimwene, tayani chimenecho," mlendo uja ananong'ona.

Malume anayesa kuti sewero likupitirira. Anagwira khutu, n'kukweza mchira uja m'mwamba.

"Mwati chiyani?"