Nsapato za m'sutikesi

Ndinabadwa mapazi onse awiri atapindikira mkati. Lero ndimayendera m'mbali mwake, pomwe khungu linalimba ngati la pachidendene, ndipo kuchoka kwathu ku Malemia kukafika pamsewu ndimapumira panjira, ana asukulu akundipitirira. Za nsapato zanga zoyamba sindikumbuka ndekha. Ndinamva kwa amayi, amene ankakamba nkhaniyi monyadira kwa aliyense wofika pakhomo.

Akuti ndili khanda kunkabwera mayi wina pa njinga yamoto, wa gulu loyendera ana olumala m'midzi. Iyeyo ndiye anatitumiza kuchipatala kutauni. Kumeneko anandiika zikhakha, kuchotsa n'kuika zina, mpaka mapazi anawongoka. Pomaliza anatipatsa tinsapato tachikopa tolumikizidwa ndi kachitsulo, nati ndizivala. Amayi anayang'ana mapazi anga, anali owongoka kale. Kwa iwo matenda anali atatha, ndipo nsapatozo zinali mphatso yotsanzikira.

Tsono kwathu nsapato sizinali za tsiku lililonse. Abambo ankapita kutchalitchi ku Malosa atazinyamula m'manja, n'kukavalira pafupi ndi chipata. Ndiye khanda losayenda n'komwe lizivala zachikopa Lolemba? Komanso akuti ndikavala ndinkalira mudzi wonse kumva, ndipo kachitsulo kaja kankawapweteka amayi pamsana akandibereka popita kudimba kukaoka mpunga. Anazikulunga m'chitenje n'kuziika m'sutikesi, pamodzi ndi diresi lawo la ukwati.

Zinkatuluka Lamulungu. Zinkatulukanso njinga yamoto ija ikamveka kutsidya kwa mtsinje. Sikuti amayi ankanamiza munthu, ayi. Mlendo akamabwera, mwana amasambitsidwa n'kuvekedwa zabwino, ndi ulemu umenewo. Mayi uja ankandipeza nditavala bwinobwino, n'kuyamikira, n'kunyamuka. Fumbi lake lisanathe, nsapato zinali zitabwerera m'sutikesi. Kenako gulu lawo linasiya kubwera kuno, ndipo pamene ndinkayamba kuimirira mapazi anali atabwerera mwakale.

Ndinakula ndikukhulupirira zomwe aliyense ankanena, kuti achipatala anayesa koma zinakanika. Ndinakwiyira Mulungu, ndinakwiyira madokotala, ndinamenyanapo ndi atsikana ondiyerekeza kayendedwe pamjigo. Sutikesi ija yokha ndiyo sindinaikwiyirepo.

Chaka chatha ndinabereka mwana wamwamuna, phazi limodzi lopindika ngati anga. Ndinalira, sindibisa. Tinayamba ulendo womwe uja wa zikhakha, ndipo amayi, ngakhale mawondo akuwavuta, ankandiperekeza. Tsiku lokalandira nsapato anatulukira ndi kamtolo ka chitenje.

"Mwanawe, tisawavutitse anthu achipatala. Zako zija zilipo, sizinathe n'komwe."

Tili m'chipinda, anamasula kamtoloko pamaso pa mtsikana amene amayeza mapazi a ana. Chikopa chinali chitauma, koma chopanda ndi kokala komwe. Mtsikanayo anazitembenuza, n'kuyang'ana mapazi anga, n'kuyang'ananso nsapato. Anangotenga zatsopano, n'kugwada pafupi ndi amayi.

"Anganga, izitu si nsapato zotchenera, ndi mankhwala. Chikhakha chimangowongola, koma chogwira phazi kuti lisabwerere ndi chimenechi. Poyamba azivala usana ndi usiku, kenako pogona, mpaka atakula ndithu. Alire, asalire, musamuvule. Zikatha kapena zikathina, mubwere tikupatseni zina."

"Mumapatsanso zina?" anafunsa amayi.

"Eee, timapatsa."

Zaka zonsezi! Sukulu ndinaisiyira panjira chifukwa cha mtunda, ndipo pa ukwati wanga womwe ndinavala masilipasi odula kumbuyo. Ndinafuna kukuwa momwemo, anthu amve. Koma ndikuwire ndani? Mzimayi amene anasunga chinthu chokongola kuposa zonse m'nyumba mwake kuti mwana wake asachiwononge?

Tinakwera minibasi yobwerera kwathu. Titatsika, amayi, amene nthawi zonse amatsogola n'kumandidikira pamthunzi, anatsalira m'mbuyo. Ndinadziwa chomwe ankayang'ana. Ndinkamva maso awo pa mapazi anga njira yonse, mwana akulira kumsana, kachitsulo kakundigunda m'chiuno.

Pafupi ndi mtsinje anandiitana ndi mawu aang'ono.

"Ndinkaopa kuti zitha, mwanawe."

Mwana wanga tsopano ali pa nsapato zina, zoyamba zinang'ambika kutsogolo. Usiku akalira, amayi ndi amene amadzuka kukaona ngati zingwe zili zomanga. Zanga zija anazibwezera m'sutikesi, zikadali zatsopano.