Wezulo ya Loweruka ku Joni

Inu obadwa dzulo mumati ku Joni ndalama amachita kutola pamsewu. Mverani ine amene ndinabwerako ndi nsapato imodzi.

Msewu wathu unali Chintheche yachiwiri. Khomo lililonse Mtonga. Usipa unkabwera pabasi, fungo la kondowole linkafika mpaka kubwalo la ndege. Loweruka wezulo ikalira, azibambo ankatuluka atavala zoyera kukavina malipenga kuseri kwa shopu. Ada, bambo anga, ndiwo ankaimba ng'oma yaikulu. Akaimenya, ndege zinkakhota, ndikulumbira.

Loweruka limenelo ndinkapaka polishi nsapato zawo zoyera zovinira. Wezulo inalira nthawi isanakwane.

"A Longwe changu achiyamba liti?" anatero Ada, akukweza sokosi. A Longwe anali mtsogoleri wa gule.

Sanali a Longwe. Eni dziko aja nawonso amaitanizana ndi wezulo akamapita kothamangitsa alendo. Ife sitinkadziwa. Azibambo athu anatuluka okha m'nyumba, oyera mbee ngati akupita ku ukwati, zikho zoliza m'manja. Anakumana ndi zikwanje.

Ada anandikankhira m'nyumba. Anakoleka ng'oma paphewa n'kulowera kumtunda ndi sokosi zokha, akuimenya. Chigulu chonse cha zikwanje chija chinatsata phokosolo. Ife tinathawira kumunsi.

Ama anabereka mlongo wanga, wamkulu kale, miyendo ikukhula pansi. Tinadumpha ngalande. Pakona panali mnyamata amene ankakopera masamu anga kusukulu, njerwa m'manja. Anandizindikira bwinobwino, n'kuponya. Inagunda mpanda. Galu ameneyo ngakhale kugenda ankalephera.

Titafika pamlatho ng'oma inkamvekabe. Titawoloka, inasiya.

Tinagona panja papolisi mpaka kunabwera basi yotibweza kumudzi. Kwathu ku Kande anthu anatizinga, maso pachikwama. Azakhali anafunsa ngati firiji ikubwera m'mbuyo. Ama anangotsegula chikwamacho. Munali mabulangete ndi nsapato yoyera yakumanzere, imene ndinathawa nayo m'manja osadziwa.

Sukulu ndinasiya. Anyamata akuno amandikakamiza kulowa malipenga, akuti mwana wa woimba ng'oma. Andisiye. Wezulo ikalira ine sindidzuka, ndiyambe ndaona amene wayiimba.

Ada sanabwere. Nsapato ija Ama amaipakabe polishi Loweruka lililonse.