Buluku la Atate pa Misa ya Masika

Chaka chimene ndinali giredi 10, atate anayamba kutha. Amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango ku Nabvutika, ndipo kale anali munthu wa thupi, woti akakhala pabenchi mnzawo ankasowa pokhala. Zinayamba ndi chilungulira. Kenako kudzimbidwa, kenako kutsegula, mpaka ziwirizi zinkangolandirana. Chimbudzi chathu chili kuseri kwa zenera langa, choncho kubuula kwawo kwa m'mawa ndinkakumva konse. Tsiku lina ndinapeza magazi pasimenti, atathirapo phulusa mothamanga.

Kukiliniki anawauza kuti mapiritsi awo apa ndiye pothera, apite kuchipatala chachikulu akaonane ndi dokotala wodziwa za m'mimba, uja amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera.

"Paipi ine?" anatero atate atafika kunyumba. "Kulowera kuti?"

Amayi sanayankhe poti ine ndinali pomwepo.

"Ndi mpweya chabe uwu, amake mwana. Soda alipo?"

Soda ankamwadi, wothira m'therere yemweyu. Amayi anachonderera, analira, anaitana amalume, koma ayi ndithu. Atate ankangoboola lamba wawo ndi msomali wotentha, bowo pambuyo pa bowo, n'kuvala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo kuti anthu asaone. Ndinazindikira kuti imfa sankaiopa kwenikweni. Ankaopa kuvulidwa pamaso pa munthu.

Ine kusukulu amandidziwa. Chitedze chimene chinapezeka pampando wa aphunzitsi a masamu sichinapitepo chokha. Ndiye ndinati, ngati vuto ndi kuvula, tiyeni tithane nako kuvulako.

Kusita zovala za kutchalitchi ndi ntchito yanga ya Loweruka. Loweruka loti mawa ndi Misa ya masika, simbi ikutentha, ndinamasula msoko wa kumbuyo kwa buluku lawo lakuda, ndinalikuza m'chiuno, batani n'kulisunthira kumapeto kwenikweni. Lamba ndinamukwirira m'thumba la gaga.

M'mawa belu likulira, atate anali akugwedeza nyumba yonse.

"Iwe, lamba wanga ali kuti?"

"Mwina makoswe, atate."

"Makoswe ayamba liti kuvala lamba?"

Nthawi inawathera. Ananyamuka dzanja lili m'thumba, atagwira buluku cham'kati. Chimene anaiwala, koma ine sindinaiwale, n'choti iwo ndi wapampando wa mphakati wathu, kagulu ka akhristu a m'dera lathu, ndipo pa masika wapampando ndiye amatsogolera atanyamula dengu la mtedza. Dengu limafuna manja awiri.

Kwaya inayimba, amayi ena nthungululu, tiatsikana tovina tili patsogolo. Atate anayenda motang'adza, akuyesa kuligwira ndi mawondo. Pakati pa tchalitchi, buluku linatsetsereka mwaulemu mpaka pansapato.

Ndinaseka, ndipo ndinaseka ndekha. Enawo sanaone buluku, anaona miyendo. Inali ngati masipoko a njinga, mawondo akulu kuposa ntchafu, khungu likulendewera. Ng'oma inasiya. Mayi wina anathamanga n'kuwakulunga chitenje chake, iwo ali chilili, dengu lili m'manja.

Misa itatha, abambo a mumphakati anabwera kunyumba. Anakana tiyi.

"Achimwene, mwatibisira," anatero wamkulu wawo. "Tinkati ndi jekete lakula."

"Ndi mpweya chabe."

"Mpweya sudya nyama ya munthu. Mawa tidzakutengani. Zovula musadandaule nazo, tchalitchi chonse chaona kale."

 Atate anafunsa ngati kumeneko amalola munthu kudya asanapite.

Paipi anawalowetsadi. Anapeza chotupa m'matumbo. Dokotalayo anauza amayi kuti akanabwera pomwe magazi ankayamba, nkhani ikanakhala yopepukirapo. Anawang'amba n'kudula mbali yowonongekayo, ndipo tsopano amapita ku Lusaka kukalandira mankhwala amene amawasanzitsa mpaka ndulu. Tikafunsa ngati achira, aliyense amati tiona.

Lamba uja amayi anamupeza akupatsa nkhuku gaga. Sanafunse mafunso. Anandikwapula naye yemweyo, akulira, akuti ndachititsa manyazi bambo wondibala ndipo ndikalape kwa ansembe. Kulapa ndinapita. Ndinanena za chitedze. Za buluku sindinanene, chifukwa amati ulape chimene ukumva nacho chisoni, ndipo ine ndikakumbukira mmene linatsikira, pang'onopang'ono ngati mbendera ya kusukulu, ndimalumabe tsaya kuti ndisaseke.

Atate sanandikalipire. Atatuluka m'chipatala anandiponyera bulukulo pamiyendo.

"Unamasula wekha, usokenso wekha, mfiti iwe."

"Ndibweze mmene linalili?"

"Pitirira pang'ono, lichepe."

Ndinapitirira. Patapita nthawi anabweranso nalo, ndinapitiriranso. Loweruka lapitali anakhala pakhonde akundiyang'ana ndikulowetsa ulusi m'singano, atafunda bulangeti masanasana.

"Koma mtedza sindinataye," anatero.

"Simunataye, atate."

"Ngakhale umodzi. Ukawauze anzako."

Ndinawayeza m'chiuno ndi chingwe, n'kuyezanso poganiza kuti ndalakwitsa. Matumba akumbuyo atsala pang'ono kukumana. Akakumana sindikudziwa kuti ndidzapinda pati.